Mutu 7: Nkandu Akapempha Mwana wa Eni Ake

1. Chitseko Chotseka

Lachisanu lomaliza la mwezi wa Novembala, a Kochi Tolliver anaitanira Nkandu mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko. Zimenezi zokha zinali zachilendo. Chitseko chija chinkakhala chotsekula chaka chonse, ngakhale pamene mkuluyo akukalipira munthu.

Nkandu Chibwe anali ndi zaka 26. Anali wamng'ono pa makochi onse othandizira timu ya mpira ya koleji ina yaing'ono ya m'mbali mwa Fairfax, ku Virginia. Mpira wake si uja wa mapazi timaudziwa kwathu. Ndi wa Chimereka, uja amauponya ndi manja, osewera atavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati nkhunzi za ng'ombe. Amayi ake, a Gwendoline, ankangoutcha kuti ndewu ya mayunifolomu.

Iye ankaphunzitsa anyamata otchinga kumbuyo, aja amathamanga ndi mdani kuti asawakhe mpira. Koma ntchito ya kochi wothandizira sithera pabwalo. M'mawa ankakonza mavidiyo a masewero. Masana ankasuzumira m'makalasi kuona ngati anyamata ake akuphunziradi kapena akungowodzera. Nyengo ya masewero ikatha, ankayenda m'masukulu a sekondale kusaka osewera atsopano. Za malipiro ake tisanene, mungamuseke mwana wa anthu.

A Tolliver, omwe anali kochi wamkulu, sanazungulire. Anati apeza ntchito pa yunivesite yaikulu ya ku Ohio, ndipo pa makochi awo onse asankhapo atatu oti apite nawo. Mmodzi mwa atatuwo anali Nkandu.

Mnyamata anafuna kudumpha ndi chimwemwe. Chivulalireni bondo ali m'chaka chachitatu pa koleji yomweyi, mwayi wotere ankangouona kumaloto.

Koma nkhani inali isanathe. Lachitatu likubweralo linali tsiku limene ana a sekondale amasayina kuti asankha koleji yakuti. A Tolliver anali atamvana ndi akuluakulu a kolejiyo kuti za kuchoka kwawo zilengezedwa Lachinayi, ana atasayina kale.

"Umu ndi mmene ntchito yathu imayendera, mwana wanga," anatero mkuluyo. "Sindinayambe ndine, ndipo sindikhala womaliza. Mwana sasayina ndi kochi, amasayina ndi sukulu. Sukulu ikhalapo, maphunziro ake aulere akhalaponso. Ukatsegula pakamwa Lachinayi lisanafike, ana onse amene tawasaka chaka chino abalalika, ndipo tisiya pano pali bwinja. Malo ano andisunga zaka zambiri, sindingawathokoze choncho. Lamlungu upite ku Hyattsville ukamalize nkhani ya Sharif, mnyamata wa sekondale uja tikufuna asayine. Bambo ake umayankhula nawo chiyankhulo chimodzi. Ukawalimbitse mtima, zina zonse undisiyire ine."

Nkandu anavomera. Akanakana bwanji? Bondo litamukana, anzake atatanganidwa ndi masewero, a Tolliver ndi amene ankabwera kuchipatala ndi mavidiyo n'kumamufunsa maganizo ngati kochi mnzawo. Ntchito imeneyi anamupatsa ndi iwo. Nkandu ankawakonda ngati bambo ake.

2. Mawu a Amayi

Loweruka m'mawa anapita kwa amayi ake. A Gwendoline ndi a ku Chipata, ndipo amasamalira okalamba pa nyumba ina ya okalamba. Anawapeza akusita yunifolomu.

Chinsinsi cha a kochi chinapirira mphindi zochepa chabe m'nyumba imeneyi. Atamva za ku Ohio, mayiyo anaimika ayironi n'kululuta nthungululu mpaka galu wa oyandikana nawo nyumba anayamba kuuwa. Anavina pang'ono, anayamika Mulungu, kenaka anakhala pansi n'kufunsa za mwana wa a Saida.

A Saida ndi amayi ake a Sharif, ndipo amagwira ntchito limodzi ndi a Gwendoline. Ndi a Gwendoline omwewo amene anatsina khutu Nkandu chaka chatha kuti ku Hyattsville kuli mwana wa Chimalawi wothamanga ngati walumidwa ndi mavu. Nkandu atakamuona, anabwerako pakamwa pali yasa. Kuyambira pamenepo ankapita ku masewero ake, kumuimbira foni, ngakhale kumuthandiza masamu.

Nkandu anafotokoza za Lachitatu ndi Lachinayi. Amayi ake anamuyankha mosabisa mawu.

"Iwe Nkandu, mvera. Unabwera kuno uli na zaka zisanu, so vinthu vina suvidziwa. Anthu a kuno akasayina pepala, amakhulupirira pepala. Ife sitili choncho. A Abdulaziz, bambo ake a Sharif, koleji yako saidziwa, na mkati mwake sanalowemo. Amene adziwa ni iwe. Tsiku lija unawapatsa moni wagwada pang'ono, n'kulandira kapu na manja awiri, anauza akazi awo kuti Sharif wapeza mkulu wake. Kwathu munthu akakuuza kuti 'mwana uyu ni wanu,' sakamba zoseka. Ndiye kuti mwana akadwala, foni iyamba kulira kwa iwe. Akalakwa, manyazi ni ako. Manje iwe ufuna ukadye chakudya chawo pa Sande, ulandire mwana wawo, pa Chinayi akuone pa TV wavala chipewa cha ku Ohio? Ku Ohio nifuna upite, nakuvutikira ine. Koma upite na nkhope yako. Ine nitsala kuno, nisinthana ma shift na a Saida. Nizawayang'ana bwanji?"

"Mum, it's business," anatero Nkandu. "Aliyense amachita so."

"Bizinesi ni ya matimati pa msika, osati ya ana a anthu."

Nkandu anawatsimikizira kuti sakanama. Anati akakamba za sukulu zokhazokha, ndipo za iye mwini sakazitchula n'komwe. Amayi ake sanamutsutse. Anangonyamulanso ayironi n'kunena kuti anakula akuona anthu akunama ndi pakamwa potseka, ndipo amenewo ndi amene amapweteka kwambiri. Kenaka anamutuma kukataya zinyalala, ngati kuti munthu wopita ku Ohio alibe ulemu wake.

3. Ku Hyattsville

Lamlungu masana Nkandu anakwera masitepe a nyumba yosanja imene banja la Sharif linkachita lendi, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Anavula nsapato pakhomo. Anawerama popereka moni, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, monga anamulerera amayi ake.

A Abdulaziz ndi a ku Machinga. Amayendetsa chigalimoto chonyamulira katundu m'nyumba yosungiramo katundu ku Landover. Ndi munthu wochepa thupi, woyankhula motsitsa, woti ukamuona sungaganize kuti ndi amene anabereka chimphona chokhala ngati Sharif. Mpira wa mwana wawo sankaumvetsa. Ku masewero ankangoyang'ana nambala ya pamsana pa mwanayo, akagwa iwo n'kutseka maso mpaka atadzuka.

Sharif anali ndi zaka 17. Makoleji awiri ankamufuna ndipo onse analonjeza kumulipirira sukulu. Ina inali ya Nkandu. Ina inali ya kufupi ndi Baltimore, ndipo kochi wa kumeneko anali atanena kuti adikira yankho mpaka Lolemba madzulo, kupitirira apo malowo apatsa mwana wina.

A Saida anaphika ngati kukubwera nduna. Panali mpunga wa nyama ya mbuzi, masamusa, ndi tiyi wa tsabola pang'ono amene amakutentha mpaka m'makutu. Nkandu anadya.

Atasamba m'manja, anatulutsa kompyuta yake n'kuyamba ntchito imene anatumidwa. Anawaonetsa zipinda zogona, laibulale, ndi aphunzitsi othandiza osewera amene maphunziro akuwavuta. Anawauza kuti pa koleji pali chipinda chopempherera Lachisanu, ndiponso kuti ku khitchini amaphika nyama ya halaali. Pa pakamwa Nkandu anali katswiri. Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo anasamala kuti asanene paliponse kuti "ine ndidzachita chakuti."

A Abdulaziz anamvetsera mwaulemu, koma zithunzi zija sanaziyang'ane kwenikweni. Nkandu atamaliza, bamboyo anauza Sharif kuti asiye foni abwere akhale pafupi.

"Sharif, mvera, ndiyankhule pamaso pa a kochi ako. Ine ndinabwera m'dziko muno ndi munthu wa kwathu amene anandilonjeza zambiri. Anati ndikakhala kwa iye, andisakira sukulu, andionetsa njira. Nditafika, anandigoneka masiku ochepa n'kusamukira ku Texas osanditsanzika. Ndinatsala ndi chikwama chimodzi, Chingerezi cha Sitandade 8, ndi kuzizira kumene sindinakuonepo chibadwire. Sanandibere kanthu munthu uja. Anangochoka basi. Koma sukulu sindinapitenso mpaka lero. Ndiye ukamva ndikulimbikira za munthu, osati za nyumba zokongolazi, usamati bambo ndi achikale. Nyumba sidzakufunsa ngati wapemphera. Laibulale sidzaona kuti wayamba kuyenda ndi anzako olakwika. Ukadzagunda mutu n'kumabisa kuti usachotsedwe m'timu, pafunika munthu wokudziwa nkhope, woti adzakuuze kuti khala pansi, ngakhale udzamuda. Mwezi wa Ramadhani ukadzafika iwe uli pa masewero olimbitsa thupi, pafunika wina wokayankhula ndi akuluakulu m'malo mwako. Ukamva mawu a mkulu wakoyu, wamva mawu anga. Ukamunyoza, wanyoza ine."

"I know, Dad," anatero Sharif, maso ali pansi koma akumwetulira.

Bamboyo anatembenukira kwa Nkandu. Anati mawa m'mawa awaimbira a ku Baltimore kuwathokoza ndi kuwauza kuti malo aja apatse wina. Sanafunse ngati Nkandu adzakhalapo zaka zinayi zonse. Funso limenelo silinawafike n'komwe m'mutu, monga munthu safunsa malume ngati chaka chamawa adzakhalabe malume.

Anagwira dzanja lamanja la Sharif n'kuliika m'dzanja la Nkandu.

"A Chibwe, mwana uyu ndi wanu."

4. Dzanja Losafumbata

Apa Nkandu ankangoyenera kufumbata dzanja lija n'kunena zikomo. Palibe amene anamufunsa funso. Palibe bodza limene likanatuluka pakamwa pake. Ntchito imene anatumidwa inali itatha, ndipo njira ya ku Ohio inali pululu.

Dzanja lake linakhala chotambasula. Anachita mantha, mantha enieni. Anachitanso manyazi, chifukwa mpunga wa anthuwa unali m'mimba mwake.

Anabweza dzanja la Sharif pang'onopang'ono n'kuliika pa bondo la bambo ake.

"Bambo, munikhululukire. Siningalandire mwana musanamve ichi. A kochi aakulu achoka, apita ku Ohio. Ine anisankha kuti nipite nawo, ndipo navomera. Zizalengezedwa Lachinayi, ana atasayina. Sharif akabwera ku koleji kwathu, ine sazanipeza."

Kunja sitima inadutsa. A Saida, omwe anali ataima pakhomo la khitchini ndi ketulo, anabwerera nayo osathira tiyi.

Nkandu anapitiriza, chifukwa ukayamba kusenda chilonda sungasiyire pakati. Anati zonse zimene ananena za sukulu n'zoona, ndipo maphunziro aulere a chaka choyamba palibe angawalande. Koma kochi watsopano amabwera ndi anthu ake ndi maganizo ake, ndipo iye sangalonjeze kuti munthu ameneyo adzamuona Sharif ndi diso lomwelo. Anati kochi wa ku Baltimore amamudziwa, ndi munthu wokhazikika, ndipo si bwino kumuyankha mawa asanakhale pansi ngati banja. Pomaliza anapempha kuti nkhaniyi isatuluke m'nyumbamo Lachinayi lisanafike.

A Abdulaziz anafunsa ngati a kochi aakulu akudziwa kuti iye aulula. Nkandu anati ayi, a kochiwo sakudziwa. Anafunsanso chimene chimuchitikire akadziwa. Nkandu anati mwina ku Ohio sapitanso, ndipo pa koleji pano kochi watsopano nthawi zambiri amachotsa othandizira onse amene wawapeza.

Bamboyo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya.

"Mwandipweteka, a Chibwe, sindikubisirani. Munalowa m'nyumba muno mukudziwa, mwadya mukudziwa, mwationetsa zithunzi mukudziwa. Mukanayamba ndi mawu amenewa muli pakhomo paja. Komabe mwanena dzanja lisanatsekeke, ndipo ine ndikudziwa kusiyana kwake, chifukwa wina uja sananene n'komwe. Sharif sasayina kwanu. Zimenezo mukawauze akulu anu. Chinsinsi chawo sichituluka pakamwa panga, si changa. Koma inu ndinu mwana, ndiye ndikuuzeni ichi. Ntchito yanuyi ndaiona kuti ndi yoyendayenda, lero kuno mawa uko. Muzilowa m'nyumba zambiri za anthu osauka, ndipo makolo ambiri adzakupatsani ana awo chifukwa cha ulemu wanuwo. Ulemu umenewo ndi umene wakutsegulirani chitseko chino. Musamaugwiritse ntchito ngati nyambo. Mukadzayamba kutero, mudzakwera msanga, koma simudzapezanso nyumba yoti mudyemo mtima uli pansi."

Nkandu anayankha kuti wamva. A Saida anatuluka ndi masamusa otsala atawakulunga, nati akawapatse a Gwendoline. Sanamuyang'ane kumaso pomupatsa.

5. Pansi pa Masitepe

A Abdulaziz anauza Sharif kuti aperekeze mlendo, ndipo mnyamatayo anamvera, chifukwa m'nyumba imeneyi mkwiyo suchotsa mwambo.

Anatsika masitepe. Panja kunali mphepo yozizira ndipo dzuwa linali litapendeka. Atafika pa galimoto, mnyamatayo anaima manja ali m'matumba. Anali wamtali kuposa kochi wake, koma nthawi imeneyi ankaoneka mwana weniweni.

"So when were you gonna tell me, Coach? Dad akanapanda kupanga zija za dzanja, mukanandiuza liti?"

Nkandu akanatha kunena kuti ankafuna kumuuza lero lomweli, ankangodikira mpata. Sharif akanakhulupirira, chifukwa ankafunitsitsa kukhulupirira.

"Lachinayi," anayankha Nkandu. "Ukanamva Lachinayi, pamodzi na anthu onse."

Sharif anagwedeza mutu. Maso ake anadzaza misozi ndipo anapsa mtima kuti misoziyo yaoneka. Anati koleji ya ku Baltimore ndi yaikulu kuposa ya Nkandu, anzake onse ankamuseka kuti akuikaniranji, ndipo iye ankawayankha kuti ali ndi kochi wake. Atatero anatembenuka n'kukwera masitepe awiriawiri, osatsanzika.

Nkandu anakhala m'galimoto osailiza. Zinamuwawa kwambiri kuposa tsiku limene dokotala anamuuza kuti sadzaseweranso. Anachita chinthu choyenera, koma anachichita mochedwa, ndipo palibe amene anamuombera m'manja.

Foni inanjenjemera. Unali uthenga wa a Tolliver, wofunsa ngati mnyamata watheka. Nkandu akanatha kungoyankha kuti banja lasankha Baltimore, nkhani n'kuthera pomwepo. A Abdulaziz anali atalonjeza kusunga pakamwa, ndipo mkuluyo sakanadziwa chifukwa chake. Koma munthu amene wangobweza dzanja la mwana wa eni sakanayambanso kubisa kwa amene anamutola kuchipatala.

Anawaimbira. Anawauza kuti Sharif sasayina, ndiponso kuti chifukwa chake ndi iye mwini, waulula za ku Ohio.

A Tolliver anali munthu wokalipa, woti akakwiya mawu ake ankamveka kuchokera pabwalo mpaka koimika magalimoto. Nkandu anadikira mkuntho umenewo. Sunabwere.

"Pa makochi anga onse, iwe ndi amene sindinakayikepo," anatero mkuluyo motsitsa. "Mawa usapite kubwalo. Anyamata ako awaphunzitsa wina. Ubwere ku ofesi kwanga seveni koloko, ndipo ubwere utaganiza bwino ngati ntchito imeneyi ndi yako."